Makilogalamu Makumi Asanu ndi Awiri

Dokotala anandilembera papepala:
muziyenda, a Nibaldo, shuga wakwera.
Pepalalo ndinalipinda kanayi
nkuliika pansi pa mwendo wa tebulo umene unkagwedera.
Linathandiza ndithu.

Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndinakhala pampando wa basi,
kuzungulira Valparaíso ndi manja okha,
miyendo ili phee ngati alendo pamaliro a munthu wosamudziwa.
Mimba inakula mpaka inayamba kugwira nawo chiwongolero.
Sindinadandaule.

Koma lero funsani agalu a m'phiri muno, akundidziwa.
Sitima ya padoko isanalize lipenga
ndimakhala ndafika kale kunsi kwa masitepe,
thumba la mchenga lili paphewa,
chifunga chikununkha nsomba ndi dizilo.
Masitepewo ndi zana limodzi ndi makumi anayi.
Ndinawawerenga ndi maondo.

Sindikhala ndekha.
Mayi Fresia amanditsogolera atavala nsapato zobiriwira za mwana wawo
amene anapita kumigodi ya kumpoto nkuiwala kuimba foni;
amati m'nyumba mwakula, m'mawa mumafuna kuwameza.
Ulises wa kubanki amatipitirira kawiri,
maso ali pa wotchi yowerenga kugunda kwa mtima
ngati mtimawo uli naye ngongole.
Akufuna adzakwane m'suti ya ukwati pofika Disembala.
Sitimuseka.
Aliyense pano ali ndi chomuthamangitsa,
kungoti chake chili ndi mabatani.

Changa chimalemera makilogalamu makumi asanu ndi awiri.
Dzina lake Zunilda.

Chimugwirireni sitiroko, mbali ya kumanzere inamukana.
Nyumba yathu ili pamwamba, pamene msewu unatopera,
njinga yake imafika pakhomo nkuima, kusuzumira kuphompho.
Lamlungu lina anati, ndi pakamwa pake popotoka paja:
ndikufuna ndikaone madzi, osati a pawindo.
Ndinamunyamula monga ndinachitira tsiku la ukwati wathu.
Pa sitepe yachisanu ndi chinayi manja anayamba kunjenjemera,
pa yakhumi ndi chiwiri ndinamukhazika pa simenti yozizira,
ine wefuwefu, m'maso muli nyenyezi.
Kunabwera mwana wa aneba, kamnyamata kopanda ndi ndevu zomwe,
nkumubwezera m'nyumba ngati kanyamula pilo.
Zunilda sananene kanthu.
Anangondisisita padazi ndi dzanja limene linamutsalira.
Bola akananditukwana.

Kutacha ndinatsikira kugombe ndi thumba.
Ndinayamba ndi makilogalamu khumi,
ndinagona masiku awiri msana ukundiimba mlandu.
Loweruka lililonse ndimawonjezera chitini chimodzi cha mchenga,
pano ndafika makumi anayi ndi anayi.
Thumba silindigwira m'khosi,
silinunkhira sopo wa mandimu,
komabe tikafika pokhota paja, pamene chitsulo chogwirira chinathyoka,
ndimalinong'oneza: gwiritsa, mayi.

Akuti shuga watsika.
Dokotala akunyadira pepala lake
ndipo sindinamuuze kumene lili.
Palamba ndaboola mabowo awiri atsopano ndi msomali.
Zonsezo ndi nyenyeswa chabe.

Ndikafika pamwamba, thukuta lili kamukamu,
ndimamupeza pawindo atandiwerengera mphindi.
Lero wachedwa, amatero. Unaima ndi Fresia eti?
Nsanje yokha sitiroko sinaikhudze.

Atsala makilogalamu asanu ndi atatu.
Iye wasankha kale diresi, yachikasu ija,
wandiuza ndiisite, ndiikoleke kuseri kwa chitseko.
Ndipo usiku ndimamuona, akamayesa kuti ndayang'ana kumbali,
akukankhira mbatata yake m'mbale mwanga
kuti tikakumane pakati.

Ndimamubwezera.
Idya, mayi, idya.
Mchenga kugombe sunathe.